Galu Wokalamba Akaleka Kuyankha, Ndodo Siciza

Makomo ambiri m'midzi ya m'maboma a Petauke ndi Nyimba ali ndi galu. Galu ndiye mlonda wa nkhokwe ndi khola usiku. M'dzinja amatsagana ndi mbuye wace kumunda kukapirikitsa anyani ndi nguluwe zimene zimaononga cimanga, ndipo anthu akatha kukolola nshawa amaperekeza anyamata kokakumba mbewa. Pa nchito zonsezi malipiro ace ndi mkute wa nsima ndi mafupa otsala m'mbale.

Koma zaka zikapita, imafika nthawi imene galu yemweyo, amene kale anali kudzambatuka akangomva likhweru la mbuye wace, amayamba kugona phee ngakhale aitanidwe katatu. Mlendo amalowa pabwalo mpaka kufika pakhonde, galu osauwa. Nkhuku zimalira m'khola usiku, iye ali m'tulo. Apa mwini galu amapsa mtima, nanena kuti galuyo wayamba ulesi ndi mwano, kapena kuti wina wamdyetsa mankhwala kuti apuse. Ena amatola ndodo, ena amam'mana cakudya, ndipo ena amakamtaya kuthengo.

Mau akuti "samva" ali ndi matanthauzo awiri m'Cinyanja. Mwana wokana kutumidwa anthu amati samva, ndiponso nkhalamba imene makutu ace anatseka amati siimva. Agalu ambiri okalamba amalangidwa pa mlandu wa mwano, pamene bvuto lao leni-leni ndi kugontha kumene kumadza ndi ukalamba, monga momwe kumadzera kwa anthu.

MMENE GALU AMAMVERA

Galu amabadwa wosaona ndi wosamva. Makutu a kamwana ka galu amakhala otseka kufikira patapita pafupi-fupi milungu iwiri, koma akatseguka amakhala akuthwa kuposa a munthu. Phokoso liri lonse ndi kunjenjemera kwa mpweya, ndipo akatswiri amaliyesa powerenga kuti mpweyawo wanjenjemera kangati pa sekondi imodzi. Mau otsika, monga a ng'oma yaikulu, amanjenjemera pang'ono, pamene mau okwera ndi oonda, monga a likhweru kapena kulira kwa mbewa, amanjenjemera kambiri. Khutu la munthu wacinyamata limalekezera pa 20,000, koma la galu limafika pafupi-fupi pa 45,000. Ndico cifukwa cace galu amaimika makutu pa una wa mbewa pamene anyamata okumba sanamve kanthu.

Khutu la galu liri ndi zigawo zitatu. Coyamba ndi khutu looneka kunja pamodzi ndi mpata wace, umene umatsika pansi kenaka nkukhotera mkati ngati cigongono. Kumapeto kwa mpatawo kuli kanembanemba kopyapyala konga cikopa ca pang'oma, ndipo kuseri kwace kuli timafupa titatu tating'ono-ting'ono, ndico cigawo caciwiri. Cacitatu ciri mkati mweni-mweni mwa cigaza, ndipo ncopiringizika ngati nkhono. M'menemo muli madzi ndi timaselo zikwi zambiri tokhala ndi tiubweya tosaoneka ndi maso. Phokoso likagwedeza kanembanemba, timafupa timagwedeza madziwo, tiubweyato timapendama, ndipo uthenga umapita ku ubongo kudzera mu mtsempha.

UKALAMBA WA MAKUTU

Timaselo ta tiubweya timeneti timafa pang'ono-pang'ono pamene galu akukalamba, ndipo timene tafa sitimeranso, kaya mwa galu kaya mwa munthu. Palibe mankhwala a m'sitolo kapena a m'thengo amene angatidzutse. Kugontha kotere sikupweteka, ndipo kawiri-kawiri kumagwira makutu onse awiri pamodzi.

Dokotala wa ziweto Gert ter Haar ndi anzace a pa yunivesite ya Utrecht ku Netherlands anayesa makutu a agalu kwa zaka zingapo, ndipo m'caka ca 2008 anafalitsa zimene anapeza. Iwo anaona kuti kumva kumayamba kucepa galu akafika zaka 8 mpaka 10, ndi kuti mau amene amayamba kutayika ndi apakati ndi okwera, pamene otsika amatsalira. Mfundo imeneyi ndiyo imamasulira cinthu cimene cimasokoneza eni agalu ambiri. Galu saamva likhweru kapena mau a mwana womuitana, koma amatembenuka bambo wa mau aakulu akakuwa kapena citseko cikamenyetseka. Mwini wace poona zimenezi amati galuyo amamva akafuna, osadziwa kuti khutu lasiya mau ena nkusungako ena.

M'caka ca 2022 akatswiri ena a pa yunivesite ya North Carolina State ku America anafalitsa za agalu okalamba 39 amene anawayesa. Agalu amene anali ogontha kwambiri ndiwo amenenso anaonetsa kufooka kwa nzeru ndi kucepa kwa cisangalalo poceza ndi eni ao. Izi zionetsa kuti galu amene waleka kumva angayambe kukhala yekha-yekha.

Agalu a matupi aakulu amakalamba msanga kuposa aang'ono. M'midzi agalu ambiri safika nkomwe pa zaka zimenezi cifukwa ca matenda, njala ndi ngozi, motero galu amene waona zokolola zisanu ndi zitatu wapulumuka zambiri. Amene saadziwa caka cimene galu wace anabadwa angazindikire ukalamba poona imvi zapamlomo, mano operepeseka, maso a mtambo ndi kuuma kwa miyendo podzuka m'mawa.

Ukalamba si wokha umene umagonthetsa galu. Kulira kwa mfuti pafupi ndi mutu wace kumaononga timaselo tomwe tija, ndipo kumenyedwa ndi ndodo kapena mwala m'mutu kungang'ambe kanembanemba ka m'khutu. Conco ndodo imene mwini galu amatola kuti galu amve ingakhale ndiyo yomalizitsa kumva kumene kunatsala. Palinso agalu ena amene amabadwa ogontha, maka-maka a ubweya woyera monga a mtundu wa Dalmatian, koma awa amadziwika akali ana.

KUYESA GALU PAKHOMO

M'maiko ena madokotala ali ndi makina oyesera ngati phokoso likufika ku ubongo wa galu, koma mlimi wa kwa Kalindawalo, kwa Ndake kapena kwa Nyalugwe angathe kudziwa zambiri ali pakhomo pace popanda kulipira ngwee. Asankhe nthawi imene pabwalo pali cete ndipo galu wagona pansi ali maso, atayang'ana kwina. Munthu aime kumbuyo kwace, mapazi asanu kapena asanu ndi limodzi, kumbali kumene mphepo siingatengere fungo lace kwa galuyo. Asaponde mwamphamvu, pakuti galu amamva kugwedezeka kwa nthaka m'thupi mwace, ndiponso cithunzi-thunzi cace cisagwere pamene galu angacione.

Ayambe ndi likhweru lapansi-pansi, kenaka amuitane ndi dzina, kenaka aombe m'manja, ndipo pomaliza amenye mbale yacitsulo ndi supuni. Cofunika kuyang'anitsitsa ndi makutu. Galu wakumva, ngakhale atakhala waulesi wotani, amagwedeza khutu kapena kulitembenuzira kumene kwacokera phokoso. Ngati makutu ali zii mpaka mbale italira, kumva kwacepa. Ngati galu adzuka nayang'ana uku ndi uku, kapena athamangira kumbali yolakwika, mwina khutu limodzi ndilo lagontha. Kuyesaku kubwerezedwe masiku atatu kapena anai osiyana, cifukwa tsiku limodzi linganamize.

Pali zizindikiro zinanso zimene a pabanja angaone. Galu wogontha amagona tulo tofa nato, sathamangira mbale ikalira pa nthawi ya cakudya, ndipo sauwa pamodzi ndi anzace a m'mudzi kufikira atawaona akuthamanga. Ena amauwa mokweza kuposa kale cifukwa saadzimva okha. Ambiri amayamba kutsata mbuye wao pafupi kwambiri ndi kumyang'anitsitsa kumaso ndi m'manja, popeza maso ndiwo alowa m'malo mwa makutu.

MATENDA A M'KHUTU AMENE ANGACIZIKE

Mwini galu asafulumire kunena kuti ndi ukalamba asanayang'ane m'khutu. Cifukwa ca kukhota kwa mpata uja, m'khutu la galu mumasungika litsiro, madzi, njere za udzu ndi nkhupakupa, ndiponso muli tizilombo tina tating'ono tonga nthata timene timasiya litsiro lakuda. Zimenezi zimatupitsa mpatawo nkuutseka, ndipo galu amamva monga munthu amene watseka makutu ndi zala. Galu wotere amapukusa mutu kawiri-kawiri, amakanda khutu mpaka kutuluka magazi, amalira akagwidwa pakhutu, ndipo m'khutumo mumatuluka fungo loipa kapena mafinya. Matenda akalowa mkati, galu amapendeketsa mutu kumbali imodzi ndi kuyenda dzandi-dzandi.

Kugontha kwa mtundu uwu kungathe ngati galu aonedwa msanga ndi mlangizi wa ziweto. Koma matenda akakhalitsa miyezi yambiri amaononga zamkati, ndipo kumva sikubwereranso. Pano ndi pamene pafunika cenjezo lalikulu. M'khutu la galu musathiridwe palafini, mafuta akuda a galimoto, mankhwala opopera thonje kapena mankhwala osambitsira ng'ombe, ndiponso musalowetsedwe kamtengo kapena nthenga. Ngakhale mankhwala eni-eni a m'khutu, monga amene ali ndi gentamicin kapena neomycin, angagonthetse galu kotheratu ngati athiridwa pamene kanembanemba kanang'ambika. Wodziwa nchitoyo ndiye ayenera kuyamba waona mkati. Cimene mwini galu angacite yekha ndi kucotsa nkhupakupa zooneka ndi kupukuta khutu lakunja ndi kansalu koyera.

KUSIYANITSA KUGONTHA NDI CIWEWE

Ngozi yaikulu ya galu wogontha iri pa ana. Galu wakumva amadziwa kuti munthu akubwera akali patali, koma wogontha amangodzidzimuka dzanja liri kale pamsana pace, ndipo mwa mantha angalume asanaone kuti ndi mwana wa pakhomo pomwepo. Zikatero mudzi wonse umadzuka ndi zibonga kuti galu wapenga, ndipo galu amaphedwa nkutayidwa popanda wina wodziwa coona cace.

Mantha amenewa si opanda pace. Bungwe la World Health Organization limati ciwewe cimapha anthu pafupi-fupi 59,000 caka ciri conse, ambiri a iwo mu Africa ndi mu Asia, ndipo pafupi-fupi onse amacitenga kwa agalu. Mwa anthu khumi ali onse amene amafa naco, anai ndi ana osafika zaka 15. Munthu akayamba kuonetsa zizindikiro zace, cipatala sicingamcize.

Komabe matenda awiriwa amayenda mosiyana. Kugontha kwa ukalamba kumadza pang'ono-pang'ono, pa miyezi ndi zaka, ndipo galu amadya bwino, amamwa madzi, amazindikira a pabanja ndi kuwagwedezera mcira. Akaluma modzidzimuka amabwerera m'mbuyo nacita manyazi. Ciwewe cimasintha galu m'masiku ocepa. Wofatsa amasanduka waukali, kapena waukali amafatsa modabwitsa. Amaluma ciri conse, ngakhale mitengo ndi miyala, amayenda-yenda kutali osadziwa kumene akupita, mau ace amasintha, cibwano cimagwa, malovu amangocuca, miyendo imafooka, ndipo amafa pasanathe masiku 10.

Ngakhale kusiyanaku kulipo, banja lisadziweruzire lokha munthu akalumidwa. Bala litsukidwe nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo wolumidwayo apite kucipatala kapena kukiliniki tsiku lomwelo, osadikira kuona mmene galu akhalire. Galuyo amangidwe pa malo amene ana sangafike, azipatsidwa cakudya ndi madzi, ndipo a ofesi ya ziweto auzidwe kuti amuyang'anire kwa masiku 10. Galu wophedwa nkutayidwa kuthengo amapita ndi umboni umene ukanathandiza a cipatala.

Ukalamba sucotsa galu pa mzere wa katemera. Lamulo la Control of Dogs Act, Caputala 247 wa malamulo a Zambia, limapatsa mwini galu udindo womlembetsa ndi kumbayitsa katemera wa ciwewe. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 ali onse a m'dera akabayidwa, matendawa amasowa poyenda. Maiko amakumbukira nkhondo yolimbana ndi ciwewe pa 28 Sepitembala, ndipo tsikuli ndi cikumbutso cabwino ca kufunsa mlangizi wa ziweto za katemera wa caka cimeneco. Kalata ya katemera isungidwe bwino, pakuti tsiku limene galu wogontha adzaluma munthu modzidzimuka, kalatayo ndiyo idzamlankhulira.

NGOZI YA PAMSEU

Midzi yambiri ya maboma awiriwa iri m'mbali mwa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata, umene ukaoloka mlatho wa Luangwa umadzera pa Kacholola, pa Nyimba, pa Minga ndi pa mphambano ya ku Petauke. Usana ndi usiku pamseupa pamadutsa mabasi ndi malole olemera opita ku Malawi ndi ku Mozambique. Pa Nyimba, pamene mabasi amaima kuti apaulendo agule nthoci, agalu amakonda kubwera kudzatola zakudya zotayidwa. Galu wakumva amapatuka injini ikali patali, koma wogontha saamva ngakhale hutala, ndipo amazindikira lole itamfika kale.

Ngozi siiri pa tala pokha. M'njira za kumidzi muli njinga zamoto, njinga zakapalasa ndi ngolo za ng'ombe. Galu wokalamba amakonda mthunzi wa pansi pa ngolo, motero woyendetsa ayenera kusuzumira pansi asanakuse ng'ombe. Wa njinga amene apewa galu mwadzidzidzi angagwe nkubvulala iye mwini pamodzi ndi amene wamnyamula. M'midzi ya kufupi ndi cigwa ca Luangwa, kumene afisi amayendera makola usiku, galu wogontha wogona kunja kwa mpanda saamva mdani akamnyang'amira.

KUSAMALA GALU WOGONTHA

Kusamala galu wotere sikufuna ndalama zambiri. Coyamba ndi kulankhula naye ndi manja. Mwini wace asankhe zizindikiro zocepa, cina ca kumuitana, cina ca kumletsa, cina ca kumuuza kuti akhale pansi, ndipo onse a pabanja azigwiritsa nchito zizindikiro zomwezo. Galu akacita bwino apatsidwe kambamu ka nsima kapena asisitidwe pakhosi. Agalu amaphunzira manja msanga, ndipo ncanzeru kuyamba kumzoloweza akali ndi zaka 6 kapena 7, dzanja ndi mau zikuyendera pamodzi, kuti tsiku limene mau adzatayika dzanja lidzatsale. Usiku kuwalitsa toci kawiri pansi patsogolo pace kungakhale ciitano.

Caciwiri ndi kadzutsidwe kace. Ana aphunzitsidwe kuti galu wogona sagwidwa, sakweredwa pamsana ndiponso sadzeredwa kumbuyo. Wofuna kumdzutsa aponde pansi mwamphamvu ali capatali, kapena aike cakudya pafupi ndi mphuno yace kuti fungo limdzutse. Malo ace ogona akhale pambali, pamene anthu sadutsa-dutsa.

Cacitatu ndi kumteteza ku ngozi. Pakhomo loyandikana ndi mseu galu wogontha akhale mkati mwa mpanda, kapena amangidwe ndi cingwe cacitali pamthunzi pamene pali madzi akumwa, ndipo azimasulidwa nthawi imene pali munthu womyang'anira. Popita naye kumsika kapena kucigayo akhale pa cingwe. Kabelu ka m'khosi, konga kamene amamangirira mbuzi, kamathandiza kumpeza akasocera m'munda wa cimanga, popeza kumuitana sikuthandiza. Ngati mano ace atha, nsima yace ifewetsedwe ndi msuzi.

Cacinai ndi kumpezera mnzace. Banja limene liona kuti galu wao wayamba kugontha licite bwino kulera kagalu kena pamene wamkuluyo akali ndi mphamvu. Wamng'ono amakhala makutu a wamkulu, pakuti akadzuka nkuyamba kuuwa, wamkulu amaona nadzukanso. Wamkulu naye amaonetsa wamng'ono malire a munda, njira za nguluwe, ndi kusiyana kwa mbale wa pakhomo ndi mlendo wa usiku.

Akulu-akulu anati galu wamkota sakandira pacabe. Mphuno ya galu wokalamba kawiri-kawiri imagwirabe nchito makutu atatseka, ndipo zimene anaphunzira pa zaka zonse zolonda mudzi zimakhalabe m'mutu mwace. Galu amene analonda nkhokwe kwa zaka khumi sanasanduke wamwano pa caka ca khumi ndi cimodzi. Mwini wace akaona kuti waleka kuyankha, ayambe wamuyesa pakhomo monga kwafotokozedwa, ayang'ane m'makutu mwace, ndipo apite naye kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lace kapena ku ofesi ya ziweto pa boma la Petauke kapena la Nyimba, atatenga kalata yace ya katemera.